Munthu wa ku Kabwe sanaimepo pa mzere

Pali chithunzi chimodzi chimene aliyense wa ife anachionapo, ngakhale uja anali kugona nthawi ya Biology. Kumanzere kuli kanyani koyenda ndi manja. Patsogolo pake pali china chowerama, kenako china chonyamula mwala, china mkondo, mpaka kumanja kwenikweni kumene kwaima munthu wowongoka, wa khungu loyera. Onse ayang'ana kumodzi monga anthu odikira basi ya Chelstone m'tauni madzulo. Chili pa malaya a mu salaula, chili pa makoma a ma tuition, chili pa WhatsApp pomwe womaliza waweramira foni kapena botolo la Mosi. Ife tikuti chithunzi ichi ndi bodza, ndipo chatiwonongera zambiri kuposa mmene tiganizira.

Mvetserani mkangano uliwonse wa chisanduliko, kaya mu babashopu ya ku Palm Drive, kaya panja pa tchalitchi, kaya m'basi yochoka ku UNZA. Sipapita mphindi zisanu wina asanaponye funso lija: ngati tinachokera kwa anyani, nanga bwanji anyani akalipo? Anzathu amene adziona ngati ophunzira amaseka, ati ndi funso la umbuli. Ife sitivomereza. Funsolo ndi lanzeru. Munthu amene waonetsedwa mzere uja, n'kuuzidwa kuti uyu anasanduka uyo, uyonso n'kusanduka winayo, ayenera kudabwa chimene woyambayo achitabe m'mitengo ya ku Luangwa. Iye wangowerenga bwino chithunzi chimene anamupatsa.

Ngakhale liwu lenilenilo limatisokoneza. Kwathu kuno kusanduka ndi nkhani ya usiku. Mfiti isanduka fisi, mfumu yakufa isanduka mkango, thupi limodzi lomwelo lero munthu mawa chilombo. Ndiye mwana akamva kuti nyani anasanduka munthu, aiika nkhaniyo mu thumba limodzi ndi nthano za agogo, kapena aikana kuti ndi zausatana. Koma sayansi siinakambepo kuti pali nyani amene anagona ali nyani n'kudzuka ali munthu. Chimene Charles Darwin anakamba ndi nkhani ya chibale, ndipo chibale ife sitifunika kuchiphunzira kwa mzungu. A Phiri a ku Katete ndi a Phiri a ku Kasungu sanabalane, koma onse aloza kumbuyo kumodzi. Msuweni wako si agogo ako, ndipo palibe amadabwa kuti msuweni akali moyo iwe utabadwa. Achimpanzi amene asungidwa ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola, ndi asuweni a mtundu umenewo. Kholo lathu limodzi ndi iwo linakhalako zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, linafa kalekale, ndipo silinali chimpanzi kapena munthu. Kuchokera pamenepo iwo anayenda njira yawo, ifenso yathu.

Darwin mwini wake sanajambulepo mzere. Mu 1837, atangobwera kumene ku ulendo wa zaka zisanu pa sitima ya Beagle, anatsegula kabuku kake ka manotsi n'kujambula kanthu kooneka ngati kanthambi kouma. Pansi anaika nambala 1, kholo. Kuchokera apo timizere tinagawanika, tina n'kugawanikanso, ndipo nsonga zina anazipatsa zilembo A, B, C ndi D. Pamwamba analemba mawu awiri chabe osonyeza kuti akungoganizira, sanatsimikize. Kuti mwana wa Giredi 8 apereke chojambula chotere kwa aphunzitsi, angamuuze kuti akajambulenso. Koma onani ntchito imene kanagwira. Atangoika nthambizo papepala, Darwin anaona kuti B ndi C ali pafupi pomwe A ali kutali, ndipo anayenera kufunsa chimene chinachititsa mpata umenewo. Yankho analilemba pambali pomwepo: kuti mitundu ioneke yosiyana chonchi, ina yapakati iyenera kuti inatha psiti. Nthambi zambiri zimafa. Ganizo ili analipeza cholembera chili m'manja, chifukwa pepala silikulola kubisa mpata umene pakamwa ungaulumphe. Mu kabuku komweko anafika poganiza kuti mwina mtengo si fanizo labwino, kuti coral ya m'nyanja ingakhale bwino, popeza pansi pake ndi pakufa ndipo moyo uli kunsonga chabe.

Kabukuka kanasowa ku laibulale ya yunivesite ya Cambridge kwa zaka zoposa 20. Mu March 2022 wina anakabweza mwakachetechete, atakaika mu kachikwama ka pinki. Sanadziwike mpaka lero.

Pamene buku lake lalikulu, On the Origin of Species, linatuluka mu November 1859, linali ndi masamba pafupifupi 500 koma chojambula chimodzi chokha. Mulibe nyani, mulibe munthu, mulibe nyama iliyonse. Pansi pali zilembo kuyambira A mpaka L, zoimira mitundu 11. Mizere yopingasa iimira nthawi, mpata uliwonse mibadwo 1,000 kapena kuposa. Mitundu iwiri, A ndi I, ibala nthambi zambiri. Umodzi, F, ufika pamwamba osasintha n'komwe. Ina yonse ithera panjira. Yang'anani F uja bwino, chifukwa ndiye yankho la funso la mu babashopu. Darwin anali ataona kale kuti mtundu ungakhalepo nthawi yaitali pafupifupi mmene unalili, abale ake akusintha pambali. Ndipo pamwamba pa chojambulacho palibe mpando wa mfumu. Nsonga zonse zamoyo zaima pa msinkhu umodzi, chifukwa zonse zafika lero.

Nanga mzere unachokera kuti? Unabwera pang'onopang'ono. Mu 1863 Thomas Huxley, bwenzi la Darwin, anaika kumayambiriro kwa buku lake mafupa a anyani akuluakulu anayi ndi a munthu, ataimikidwa motsatana. Cholinga chinali kuyerekeza mafupa a zamoyo za lero, koma diso la wowerenga linaona ulendo wochoka kumanzere kupita kumanja. Ku Germany, Ernst Haeckel, katswiri wojambula kwambiri, anatenga kanthambi ka Darwin n'kukasandutsa chimtengo cha thunthu limodzi lonenepa, munthu ali kunsonga kwenikweni. Uwu ndi mzere womwewo, angouveka masamba. Haeckel yemweyo mu 1868 anasindikiza mitu 12, isanu ndi umodzi ya anthu, isanu ndi umodzi ya anyani, mzungu ali poyamba ndipo anthu akuda ataikidwa pafupi ndi anyani. Sitimuyeretsa Darwin pano. Nayenso mu buku lake la 1871 analemba za mitundu ya anthu ndi mtima wa Mngelezi wa nthawi ya atsamunda, ngakhale kuti m'buku lomwelo anati n'kutheka kwambiri kuti makolo a anthu onse anali mu Africa. Koma chojambula chake chinali chanzeru kuposa tsankho lake, ndipo cha Haeckel chinali tsankho lenilenilo.

Chithunzi cha pa malaya chija ndi chaposachedwa. Anachijambula Rudolph Zallinger, ndipo chinatuluka mu 1965 mu buku la Time-Life lotchedwa Early Man. Dziko lathu linali ndi chaka chimodzi chabe cha ufulu. Pa pepala lopinda panali zithunzi 15 zoyenda motsatana. Mawu a m'bukumo anachenjeza kuti ena mwa iwo sanali makolo athu, anali nthambi zapambali zimene zinatha. Koma ndani awerenga timawu tating'ono pansi pa chithunzi chokongola? Anthu anatenga mzere, mawu n'kuwasiya.

Manje apa ndi pamene nkhaniyi itikhudza ife mwachindunji. Pa anthu 15 aja, wa nambala 12 ndi wathu. Anamulemba kuti Rhodesian Man, ataima pakati pa munthu wakale wa ku Java ndi Neanderthal wa ku Ulaya. Ameneyu ndi munthu wa ku Kabwe.

Chigaza chake chinapezeka pa 17 June 1921 mu mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill. Mabuku atchula Tom Zwigelaar, wa ku Switzerland, kuti ndiye anachipeza. Anali ndi mnzake wakuda pa ntchitoyo, koma dzina lake palibe anavutika kulilemba. Kampani inachitumiza ku London, kumene Arthur Smith Woodward anachipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis, dzina la Cecil Rhodes pa mutu wa munthu amene anafa zaka zosawerengeka Rhodes asanabadwe. Ndi chimodzi mwa zigaza zakale zosungika bwino kwambiri padziko lonse: mphumi yotsetsereka, mafupa okhuthala pamwamba pa maso, ubongo woposa ma cc 1,200, wosatalikira kwenikweni ndi wathu, ndi mano obooka kwambiri moti munthuyu ayenera kuti anavutika nawo. Phanga limene anapezekamo analikumba lonse pofuna miyala ya mgodi. Chigazacho chikali ku Natural History Museum ku London. Boma la Zambia lakhala likuchipempha kuyambira zaka za m'ma 1970, nkhaniyo inafika mpaka ku komiti ya UNESCO mu 2018, ndipo ife kuno tikali kuonetsa ana athu zoumba zofanizira.

Onani chimene mzere unamuchita munthuyu. Mu 1928 William Pycraft, wa ku nyumba yomweyo ya ku London, amene ntchito yake yambiri inali ya mbalame, anayang'ana fupa la m'chiuno lopezeka mu mgodimo n'kugamula kuti mwini wake anali kuyenda chowerama. Anamupatsa dzina latsopano, Cyphanthropus, kutanthauza munthu wowerama. Katswiri wa thupi la munthu, Wilfrid Le Gros Clark, anaonetsa mwamsanga kuti Pycraft analiwerenga molakwa fupalo. Munthu wa ku Kabwe anali kuyenda chilili monga ife. Koma n'chifukwa chiyani munthu wophunzira anaona msana wopindika pamene panalibe? Chifukwa m'mutu mwake munali kale makwerero, ndipo chinthu chochokera mu Africa cha nkhope yotere chinayenera kukhala pa sitepe yapakati, chisanamalize kuwongoka. Chojambula choipa chimamuuza munthu chimene aone asanayang'ane n'komwe.

Kenako mu 2020, Rainer Grün, Chris Stringer ndi anzawo anasindikiza mu magazini ya Nature zaka zatsopano za chigazachi: pafupifupi 299,000. Nambala imeneyi ithyola mzere pakati. Ku Jebel Irhoud ku Morocco kuli mafupa a zaka pafupifupi 300,000 amene akatswiri awaika kumayambiriro kwa mtundu wathu, Homo sapiens. Ku South Africa, mu phanga la Rising Star pafupi ndi Johannesburg, kuli Homo naledi, wa ubongo waung'ono kwambiri, wa zaka zapakati pa 236,000 ndi 335,000. Ndiye kuti pa nthawi imodzi, pa kontinenti imodzi, panali mitundu itatu ya anthu, mwina kuposa. Muwaimika bwanji pa mzere? Ndani ali kumbuyo kwa mnzake? Anali kumwa madzi a mvula ya zaka zofanana. Munthu wa ku Kabwe sanali kudikira kuti asanduke wina. Anali nthambi yakeyake, ndipo ofufuzawo anati zaka zimenezi zichititsa kukayikira zoti iye ndiye kholo lathu lachindunji. Kanthambi ka 1837 kali ndi malo a onse atatu. Chithunzi cha 1965 chilibe.

Ngakhale mtengo weniweniwo afunika kuukonza, ndipo sayansi siichita manyazi kutero. Mu 2010 gulu la Svante Pääbo linaonetsa kuti makolo a anthu a kunja kwa Africa anabalana ndi ma Neanderthal, kutanthauza kuti nthambi zimene zinapatukana zinadzakumananso. Nsomba za m'nyanja ya Malawi, utaka, mbuna ndi mitundu ina mazanamazana, zinachokera ku kholo limodzi m'nthawi yochepa, ndipo ofufuza apeza kuti magazi awo analowererana kwambiri moti chojambula chake chioneka ngati ukonde. Apa ndi pamene tiona kusiyana kwa zojambula ziwirizi. Mtengo ungaufufute, kuwonjezera nthambi, kulumikiza ziwiri, ndipo umakhalabe wothandiza. Mzere ukangoupatsa umboni watsopano, umagwa.

Wina anganene kuti tikulitsa nkhani, ndi chithunzi chabe choseketsa. Awe. Mu 1906 Ota Benga, mnyamata wa ku Congo, anaonetsedwa mu nyumba ya anyani ku Bronx Zoo ku New York, anthu n'kumabwera kudzamuona. Mu 2014 wina anaponyera Dani Alves nthochi pa bwalo la Villarreal. Mu May 2023 Vinícius Júnior anatukwanidwa kuti nyani ku Valencia, ndipo ambiri a ife tinaonera pa TV tili mu Chelstone momwe muno. Otukwanawo sanawerenge Haeckel, koma chithunzi chili m'mitu mwawo ndi chomwecho: kumanzere kwakuda, kumanja koyera, ndipo ife tili penapake pakati. Ndiye chimatipweteka kuona mnyamata wa ku Kamanga kapena ku Avondale atavala chithunzi chimenechi pachifuwa, akuganiza kuti aonetsa kuti ndi wa sayansi. Wavala chipongwe chake chomwe. Pa mtengo wa Darwin anthu onse a lero ali pa kansonga kamodzi, ndipo mizu ya kansongako ili kuno.

Kwa abale athu a mu mpingo tilinso ndi mawu. Dziko lino linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991, ambiri a ife tinakulira mu kwaya, ndipo sitilemba izi kuti tichotse munthu mu tchalitchi. Chikhulupiriro chanu ndi chanu. Koma ngati mufuna kutsutsa chisanduliko, tsutsani chimene chikamba. Kulalikira mphindi 40 motsutsa mzere wa Zallinger n'kumenya chiwopsezo cha m'munda mbalame zili kudya mapira kumbali. Mwana wanu akadzafika ku yunivesite n'kupeza kuti asayansi nawonso saukhulupirira mzerewo, adzayamba kufunsa kuti ndi chiyani china chimene munamuuza osafufuza. Ndipo kwa anzathu amene atumiza chithunzichi pa Facebook pofuna kunyoza opemphera: mukuteteza sayansi ndi chida chimene asayansi anachitaya. Stephen Jay Gould anachitsutsa poyera kale mu 1989.

Nkhani iyi siithera mu museum. Makolo athu akumbukira chloroquine, mmene anali kuwawira ndi kuyabwitsa thupi, ndi mmene anadzalekera kugwira ntchito. Tizilombo ta malungo sitinakwere sitepe kukhala tanzeru. Pakati pa tambirimbiri panali tochepa tosiyana pang'ono, mankhwala anapha tina tonse, totsalato n'kubalana. Nthambi imodzi inapulumuka, zina zinafa, monga pa pepala la Darwin. Ndiye chifukwa chake Zambia inasintha n'kuyamba Coartem kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ndiye chifukwa chake anesi pa kiliniki amalimbikira kuti mumalize mankhwala ndi kuti musalumphe ma ARV. Mu November 2021, pamene asayansi a ku Botswana ndi South Africa anazindikira Omicron, anachita kuika kachilomboko pa mtengo wa abale ake n'kuona kuti kali pa nthambi yaitali payokha. Munthu woganiza mwa mzere sangamvetse chifukwa chake mtundu watsopano sunabadwe kwa Delta, amene anali kutivutitsa chaka chomwecho. Wodziwa kuwerenga nthambi amva msanga.

Ndiye vuto lalikulu lili m'kalasi, pa mmene tinaphunzirira kujambula. Tonse tikumbukira: aphunzitsi ajambula pa bolodi, ife tikopera, tilemba mayina ndi rula, osadetsa pepala. Chojambula chinali chinthu chomalizidwa kale, choloweza kuti mayeso akabwera tichibweze mmene chinalili. Palibe anatiuza kuti chojambula chingakhale funso, kuti ungajambule chinthu chimene sunachimvetse n'cholinga choti uchimvetse. Aphunzitsi ambiri alibe mlandu, nawonso anaphunzitsidwa chonchi, ndipo kalasi ya ana ochuluka siipereka mpata. Koma izi sizifuna labu kapena kompyuta. Patsani ana mayina asanu, nkhuku, nkhanga, ng'ona, mbuzi ndi mleme, muwauze kuti ajambule chibale chawo pa pepala lakumbuyo kwa buku. Ambiri adzaika mleme ndi nkhuku chifukwa cha mapiko. Alekeni akangane mpaka wina akumbuke kuti mleme uli ndi ubweya ndipo uyamwitsa. Kenako muwauze kuti ng'ona ili pafupi ndi nkhuku kuposa mmene ilili ndi buluzi, muone phokoso lake. Mwana amene wafufuta nthambi ndi dzanja lake n'kuijambulanso pena sadzafunsanso chifukwa chake anyani akalipo.

Ndipo zoti ajambule zili pakhomo pomwe. Ku Twin Rivers, kumwera chakumadzulo kwa Lusaka, Larry Barham anapeza miyala ya utoto imene anthu anali kupera zaka zoposa 200,000 zapitazo. Ku mathithi a Kalambo, kumalire ndi Tanzania, gulu lake linafukula mitengo iwiri yolumikizidwa mopingasa, wina utasemedwa kuti ukhale pa unzake. Zotsatira zinatuluka mu 2023: zaka pafupifupi 476,000, kale kwambiri Homo sapiens asanaoneke. Ndi chomangidwa cha mtengo chakale kwambiri chimene chidziwika padziko lonse. Pamalopo sipanapezeke mafupa a wosemayo. Pa chithunzi cha pa malaya, aliyense wa nthawi imeneyo angonyamula mwala, akali kuphunzira kuima, pomwe wa ku Kalambo anali atagwetsa kale mtengo, kuusema ndi kuulumikiza.